AirPower, tchaja yopanda waya ya Apple yomwe sinafike pa msika: chinavuta ndi chani?

Ngati mumatsata nkhani za mafoni mwina munamvako dzina loti AirPower, ndipo mwina mumadabwa kuti bwanji anthu amangolitchula koma chinthucho simunachionepo, kaya mu shopu kaya kwa anzanu aja amabwera ndi katundu wa Apple kuchokera ku Joni kapena ku UK. Simunachione chifukwa sichinagulitsidwepo ndi kamodzi komwe. Apple inachilengeza mu 2017, anthu anadikira chaka ndi theka, kenako mu 2019 kampaniyo inangoti basi tazisiya. Mpaka lero mkangano ulipobe, ena akuti chinkatentha, ena akuti chikanalephera malamulo a boma, ena akuti mabwana anafulumira kulonjeza zinthu zisanapse. Kuti mkanganowu umveke tiyenera kuyamba tamvetsa kuti kutchaja popanda waya kumayenda bwanji, ndiye tipita pang'onopang'ono abale.

AirPower inali chani kwenikweni

Pa 12 Sepitembala 2017, ku likulu la Apple ku Cupertino ku California, tsiku lomwelo analengeza iPhone 8 ndi iPhone X, mkulu wina wa kampaniyo a Phil Schiller anaonetsa kamphasa koyera, kafulati, kotalikirapo ngati mbale ya nsomba. Anati pa kamphasa aka muzidzaikapo zinthu zitatu nthawi imodzi, iPhone, wotchi ya Apple Watch ndi kabokosi ka AirPods (timahedifoni ta Apple topanda waya), zonse n'kumatchaja limodzi, ndipo foni izidzaonetsa pa sikirini kuti chilichonse chafika maperesenti angati. Anati katuluka mu 2018.

Kutchaja zinthu zitatu sinali nkhani yachilendo ayi. Chachilendo chinali chakuti muzidzaika paliponse pa kamphasapo, kaya pakati kaya m'mphepete, osayang'ana kachizindikiro. Mawu oti "paliponse" amenewa muwasunge, chifukwa mavuto onse omwe anthu amatchula akuchokera pamenepa.

Moto umadutsa bwanji popanda waya

Mukadutsitsa magetsi mu waya wokulungidwa mozungulira, wayayo amatulutsa mphamvu ya maginito. Magetsiwo akamasinthasintha mbali mwachangu, mphamvu ya maginito ija imasinthasinthanso, ndiye mukaika waya wina wokulungidwa pafupi, mwa iyenso mumayamba kuyenda magetsi ngakhale awiriwa sanakhudzane. Izi anazitulukira Michael Faraday ku London mu 1831, ndipo ndi mmene transifoma yomwe ili pa pholo m'dera mwanu imagwirira ntchito. Mkati mwa transifoma muli mawaya awiri okulungidwa osakhudzana, moto umawoloka kudzera mu maginito.

Waya wokulungidwayo amamutcha koyilo, ndipo maonekedwe ake ndi ngati koyilo ya udzudzu ija timayatsa usiku, kungoti iyi ndi ya kopa ndipo ndi yopyapyala. Koyilo imodzi ili mu tchaja, ina ili kumsana kwa foni, kuseri kwa galasi. Nchifukwa chake iPhone 8 inabwera ndi msana wa galasi, chifukwa chitsulo chimatchinga mphamvuyi.

Tsono mu transifoma makoyilo awiri aja anamangidwa pa chitsulo chimodzi, sasuntha, moto wambiri umawoloka bwinobwino. Pa foni pali mpata wa pulasitiki, galasi, mwinanso kava, ndipo munthu amangoiponya foniyo mmene wafunira. Makoyilo akapanda kuyang'anizana bwino, moto wina suwoloka. Zili ngati kuthira madzi mu botolo kuchokera mu ndowa, mukalunjika pakamwa pa botolo amalowa, mukaphonya pang'ono ambiri amatayikira pansi. Kusiyana kwake nkwakuti magetsi akatayika sanyowetsa pansi, amasanduka kutentha. Mu 2020 atolankhani a OneZero mothandizana ndi a iFixit, omwe amadziwika ndi kuphwasula mafoni, anayeza pa foni ya Pixel 4 ndipo anapeza kuti kutchaja popanda waya kunkadya magetsi ochuluka ndi 47 peresenti kuyerekeza ndi kutchaja ndi chingwe.

Ine ndili ndi katchaja kotere kapafupi ndi bedi, ka koyilo imodzi. Usiku wina foni inasunthako pang'ono, mwina kutalika kwa chala, m'mawa ndinaipeza yofunda kumsana koma batire lili pomwe linali. Vuto lomwe Apple inkafuna kuthetsa ndi limeneli, ndipo aliyense amene anagwiritsapo ntchito tchaja zoterezi akudziwa kuti ndi vuto lenileni.

Qi ndi chani

Qi amatchula kuti "chi". Ndi mgwirizano wa malamulo oti tchaja ya kampani ina izitha kutchaja foni ya kampani ina, monga mmene pulagi ya mano atatu imalowera mu soketi iliyonse kuno kwathu posatengera kuti anapanga ndani. Bungwe lomwe limayendetsa Qi ndi Wireless Power Consortium, linayamba mu 2008, ndipo malamulo oyamba anatuluka mu 2010. Nokia Lumia 920 ndi Nexus 4 zinali nayo kale mu 2012, Samsung inaika mu Galaxy S6 mu 2015. Apple inachedwa, inalowa m'bungweli kumayambiriro kwa 2017, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho inagula kampani ya ku New Zealand yotchedwa PowerbyProxi yomwe inkapanga zomwezi za kutchaja popanda waya.

Chofunika kudziwa apa nchakuti mu Qi foni ndi tchaja zimalankhulana. Foni imauza tchaja kuti onjeza, chepetsa, ndakhuta. Tchaja nayo imawerengera moto womwe yatumiza ndi womwe foni yanena kuti yalandira, zikasiyana kwambiri imadziwa kuti pali kachitsulo penapake, kaya ndalama yachitsulo kaya kiyi, n'kuzima kuti kasatenthe. Zonsezi zinapangidwa poganizira tchaja imodzi ndi foni imodzi. A Schiller ananena okha pa tsiku lija kuti zomwe AirPower ikachite sizinali mu Qi panthawiyo, ndipo kuti akufuna kugwira ntchito ndi bungwelo kuti zilowemo.

Kuti "paliponse" zitheke

Njira yomwe Apple inasankha inali yodzaza kamphasako ndi makoyilo ambiri ang'onoang'ono osanjikizana m'mizere, kuti pomwe mungaike foni pakhale koyilo yomwe ili pansi pake ndendende. Mu Sepitembala 2018 Sonny Dickson, yemwe amadziwika ndi kutulutsa zinsinsi za Apple, analemba kuti mkatimo munali makoyilo pakati pa 21 ndi 24. Mu 2021 wosonkhanitsa zipangizo zoyesera za Apple wa ku Italy, Giulio Zompetti, anaonetsa AirPower yoyeserera yomwe anaipeza, inali ndi makoyilo 22 mbali imodzi ndi tizipangizo towawongolera 22 mbali inayo. Ndiye pa nambala ya makoyilo, mphekesera ndi chinthu chenicheni zinagwirizana.

Taganizani mbaula 22 zothithikana mu kakhitchini kamodzi, zina pamwamba pa zinzake, ndipo pali munthu mmodzi woti aziona kuti poto waikidwa pati, ayatse mbaula yokhayo yomwe ili pansi pa potoyo, aonetsetse kuti yoyandikana nayo isamuwotche mkono, poto wina akabwera wamng'ono ayatse ina ndi moto wochepa, wina akasuntha poto azimitse iyi ayatse iyo, zonsezi mu kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Atolankhani a Bloomberg analemba mu Juni 2018 kuti mkati mwa AirPower munali chip (kaubongo ka kompyuta) ya Apple yomwe inkayendetsa iOS, pulogalamu yomwe imayendetsa iPhone, koma yochepetsedwa kuti igwire ntchito imeneyi. Kunena kwina, sinali tchaja wamba, inali kakompyuta.

Mbali yoyamba ya mkangano: kutentha

Ichi ndi chifukwa chomwe chimatchulidwa kwambiri. Mark Gurman wa Bloomberg anatchula za kutentha mu nkhani ya Juni 2018 ija, John Gruber wa webusayiti ya Daring Fireball analembanso mu Sepitembala kuti wamva kuti makoyilo ambiriwo akutentha mopyola muyeso, Dickson naye anayamba ndi zomwezo.

Ndipo zikumveka. Koyilo iliyonse ikamagwira ntchito imatentha yokha. Kuonjezera apo mphamvu ya maginito simasankha, imalowanso mu makoyilo oyandikana nawo omwe sakugwira ntchito n'kuwatenthetsanso, chifukwa nawonso ndi kopa. Makoyilo omwe ali m'mizere ya pansi ali kutali ndi foni, ndiye amafunika moto wochulukirapo kuti ufike, moto wochuluka ndiye kutentha kochulukanso. Zonsezi mu kanthu kopyapyala komwe kamayenera kukhala chete pafupi ndi bedi, ndipo pamwamba pake pagona mabatire atatu a lithium.

Batire la lithium silifuna kutentha. Likamatentha pafupipafupi limakalamba msanga, likapyola kwambiri limatha kutupa kapena kuyaka. Apple imanena kuti iPhone izigwiritsidwa ntchito pamalo pomwe kutentha sikupyola madigiri 35, omwe ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala amapyoledwa tchaja isanayatsidwe nkomwe. Foni ikaona kuti yatentha imachepetsa yokha liwiro la kutchaja, ndiye mutha kukhala ndi tchaja yodula yomwe ikutchaja mochedwa kuposa yotchipa. Komanso tisaiwale kuti mu 2016 Samsung inali itachotsa Galaxy Note 7 yonse pa msika chifukwa cha mabatire oyaka, makampani onse a mafoni anali tcheru pa nkhani ya kutentha.

Okayikira mfundoyi amati kutentha ndi vuto lomwe mainjiniya amadziwa kulithetsa, mutha kunenepetsa chinthucho, kuikamo fani, kapena kuchepetsa mawati, ndiye kuti mphamvu ya moto. Ena amayankha kuti mukatero ndiye kuti si AirPower ija anaonetsa pa siteji, ndi chinthu china.

Mbali yachiwiri: kusokoneza mafunde

Iyi ndi yovutirapo kumvetsa koma ndi yofunika. Tchaja ya Qi imasinthasintha magetsi ka 110,000 mpaka ka 205,000 pa sekondi imodzi. Chinthu chilichonse chomwe chikusinthasintha magetsi mwachangu chonchi chimakhala ngati kanyumba ka wailesi kakang'ono, chimatulutsa mafunde m'mwamba kaya chikufuna kaya sichikufuna, ndipo sikuti mafunde a mtundu umodzi okha, pamatulukanso ena apamwamba omwe amawatcha ma harmonics. Munamvapo kaphokoso kaja ka "tididi tididi" mu sipika foni ikatsala pang'ono kuitana? Kusokoneza komwe tikunena ndi kwa mtundu umenewo.

Maboma amaika malire a phokoso lomwe chipangizo chingatulutse. Ku America ndi bungwe la FCC, ku Ulaya ali ndi malamulo awo, kuno kwathu oyang'anira mafunde ndi a MACRA. Chipangizo chikapyola malire sichiloledwa kugulitsidwa ngakhale chizigwira ntchito bwino bwanji.

AirPower itangothetsedwa, a iFixit, omwe amadziwika ndi kuphwasula mafoni, analemba kuti vuto lalikulu mwina linali limeneli. Mfundo yawo inali yoti koyilo imodzi phokoso lake n'losavuta kuliletsa, koma makoyilo angapo akamayaka limodzi mafunde awo amakumana, pena amafafanizana pena amaphatikizana n'kukula, ngati anthu angapo akuponya miyala pa dziwe limodzi, pomwe mafunde akumana madzi amakwera kuposa mmene mwala umodzi ukanachitira. Anatchulanso kuti phokoso lotere likhoza kusokoneza zipangizo zachipatala monga kamakina kothandiza mtima kugunda. Chomwe chimakopa anthu pa mfundoyi nchakuti ikufotokoza nthawi. Kuyezetsa kwa boma kumabwera kumapeto, chinthu chitatsala pang'ono kutuluka, ndiye zikhoza kufotokoza chifukwa chomwe Apple inaoneka yokonzeka mpaka sabata yomaliza. Kufooka kwake nkwakuti a iFixit ankaganizira kuchokera ku sayansi ndi mapatenti (zikalata zolembetsera luso latsopano), sanali ndi chikalata choonetsa kuti AirPower inayezedwa n'kulephera.

Mbali yachitatu: wotchi

Apple Watch inatuluka mu 2015 ndi katchaja kakekake kozungulira ka maginito, ndipo simatchaja pa tchaja wamba ya Qi. Koyilo yake ndi yaing'ono, msana wake ndi wotukuka osati fulati. Ndiye kamphasa kamodzi kankayenera kudyetsa foni yaikulu yofuna mawati 7.5, wotchi ya chilankhulo china, ndi kabokosi ka AirPods kofuna moto wochepa kwambiri, chilichonse pamalo aliwonse. Dickson anatchulanso kuti kulankhulana kwa zipangizozi, kuja kopangitsa foni kuonetsa maperesenti a zinzake, kunali ndi mavuto.

Mfundoyi anthu saikamba kwambiri koma zomwe zinachitika pambuyo pake zikuipatsa mphamvu, muona m'munsimu.

Mmene inathera, ndi nkhani ya kulengeza msanga

2018 inayamba, inafika pakati, kuli zii. Pa msonkhano wa Sepitembala 2018 sanaitchule ndi kamodzi komwe, ndipo zambiri zokhudza AirPower zinachotsedwa pa webusayiti ya Apple. Koma timapepala ta m'bokosi la iPhone XS tinkaitchulabe. Pa 20 Malichi 2019 Apple inatulutsa AirPods zachiwiri zokhala ndi kabokosi kotchaja popanda waya, ndipo pa katoni yake panali chithunzi cha AirPower. Anthu anati ndiye yayandikiratu. Patangotha masiku 9, pa 29 Malichi, a Dan Riccio omwe ankayang'anira mainjiniya a zipangizo anatumiza uthenga kwa atolankhani a TechCrunch woti ayesetsa kwambiri koma aona kuti AirPower sifika pa muyezo wapamwamba womwe kampaniyo imafuna, ndiye ntchitoyo yathetsedwa. Anapepesa kwa makasitomala, n'kunena kuti akukhulupirirabe kuti tsogolo ndi lopanda mawaya. Ndi zokhazo zomwe Apple inanena, sanatchule kutentha, mafunde kapena wotchi.

Apa ndi pomwe pali gulu lina lomwe limati vuto silinali la mainjiniya. Makampani akuluakulu amayesa zinthu zambiri n'kuzisiya mwakachetechete, palibe amadziwa. Apple kawirikawiri imalengeza chinthu chikatsala masabata ochepa kuti chigulitsidwe, koma pa AirPower analonjeza pagulu chinthu chomwe sichinathe, ngati kuitana anthu ku ukwati malowolo asanamveke. Ena amati ayi musawaweruze choncho, iPhone yoyamba yotchaja popanda waya inkatuluka tsiku limenelo ndipo kampaniyo inkafuna kuonetsa komwe ikulowera, komanso kusiya chinthu chosakhala bwino kuli bwino kuposa kugulitsa chinthu choti chikatenthe m'nyumba za anthu. Mbali zonsezi zili ndi pogwira. Chomwe chimandikhudza ine ndi anthu omwe anagula kabokosi ka AirPods kodulako poganiza kuti kamphasa kakubwera, poti katoni yomwe inali m'manja mwawo inkanena choncho.

Zomwe zinabwera pambuyo

Mu Okutobala 2020 Apple inatulutsa MagSafe ndi iPhone 12. Mmalo modzaza makoyilo kuti foni igone paliponse, anaika mphete ya maginito kumsana kwa foni ndi ina pa tchaja, ndiye zimakokana zokha n'kumatirirana pamalo oyenera, koyilo imodzi, mawati 15. Ndi njira yotembenuza ija ya AirPower. Mu Januwale 2023 Wireless Power Consortium inalengeza Qi2 yomwe inatengera maginito omwewa a Apple.

Koma makampani ena sanasiye za "paliponse". Zens inatulutsa Liberty ya makoyilo 16, Nomad inatulutsa Base Station Pro ya makoyilo 18 mu 2020 pogwiritsa ntchito luso la kampani ya Aira, Xiaomi inalengeza yake ya makoyilo 19 mu 2021, Tesla nayo inabwera ndi ya makoyilo 30 pa madola 300. Zinagulitsidwa, kutanthauza kuti zinadutsa malamulo a mafunde. Ena amati umenewu ndi umboni woti zinali zotheka ndipo Apple inangolephera. Ena amati onani bwino, palibe mwa izi yomwe imatchaja Apple Watch pamalo aliwonse pa mphasapo, wotchi imafunabe katchaja kake kapadera, komanso a Aira anasindikiza makoyilo awo pa bolodi la zamagetsi mmalo mokulunga waya, ndiye ndi kapangidwe kena.

Mafunso omwe akadali poyera

Kodi vuto linali limodzi, kapena kutentha, mafunde ndi wotchi zinkakokana, ukachepetsa ichi china n'kukula? Kodi AirPower inafikadi poyezedwa ndi mabungwe a boma, kapena inathera mkati mwa kampani? Popeza katoni ya AirPods inasindikizidwa ndi chithunzi chake, chisankho chothetsa chinapangidwa liti, m'masiku 9 aja kapena kale kungoti makatoni anali atasindikizidwa? Akanaichotsa wotchi pa mndandanda, kamphasako kakanatuluka?

Palinso la ndalama. Apple sinalengeze mtengo wa AirPower, ndipo chinthu cha makoyilo 22 ndi kakompyuta mkati sichikanakhala chotchipa, ndiye nkutheka kuti chinkagwira ntchito mu labu koma kuchipanga mamiliyoni pa mtengo woti anthu agule ndi kumene kunavuta. Ndipo poti Qi2 yatenga njira ya maginito, kodi makampani akuluakulu adzabwereranso ku "paliponse", kapena zatsalira makampani ochepa aja?